Vinyo Anafera M'kabati

Mzilikazi, Bulawayo, Lachinayi masana

Thokozani mwana wanga,

Amayi ako apita kumsika kukagula nkhuku ya kamba wako wa mawa, iwe uli kutauni kukatenga tikiti, ndiye m'nyumba muno mwatsala ine ndi wailesi. Wailesiyo ndaizimitsa kuti ndikulembere. Ndikulemba m'Chichewa dala, ngakhale ndikudziwa kuti uwerenga ukuyendetsa chala pamzere ngati mwana woyamba kumene sukulu. Chinenero cha agogo ako umachimva bwinobwino, kungoti ukati uyankhe, pakamwa pako pamatuluka Chindebele cha amayi ako chothira Chingerezi. Palibe kanthu. Werenga pang'onopang'ono momwemo, chifukwa zimene ndikukuuzazi si zothamangira.

Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Cape Town kukaphunzira za vinyo. Ndalemba mawu amenewa kenako ndawawerenga kawiri, ndipo ndaseka ndekha ngati wamisala. Mwana wa weta wa ku Mzilikazi, mdzukulu wa kuki amene anabwera kuno wapansi kuchokera ku Dedza, wagonjetsa anzake onse pa mayeso olawa vinyo botolo litaphimbidwa, mpaka eni minda ya mphesa anena kuti bwera, sukulu tikulipirira ndife! Nkhaniyi ndauza aliyense. Wometa tsitsi ndamuuza katatu, moti akandiona ndikubwera amayamba yekha kuti, "Yebo, Baba Banda, tamva, Cape Town." Asatope, ndimuuzanso mawa.

Koma iwe ndi ine tili ndi nkhani ya Lamlungu lapitali, ndipo sindingalole kuti ukwere nayo basi. Kuyambira tsiku lija ukamandipatsa tiyi umagwada kwambiri kuposa kale, maso ali pansi, ndipo ukangoika kapu umathawa. Amayi ako andiuza kuti dzana unalira kukhitchini. Akuti unanena kuti ukunyamuka ndi mkwiyo wa bambo ako kumsana, komanso kuti waphunzirapo, kuyambira tsopano uzitseka pakamwa. Mawu omalizawa ndi amene andikhazika pansi ndi cholembera, chifukwa ukatseka pakamwa pamenepo, ndiye kuti ku Cape Town ukupitira kukaona nyanja basi.

Ndikukumbutse mmene zinayendera, kuti uone kuti sindinaiwale kalikonse. Phwando lokutsanzika linali litafika pokoma, a kutchalitchi ali pamabenchi, a Moyo oyandikana nafe ali pampando wawo wa masiku onse, azakhali ako a ku Luveve akulamulira mbale ngati nyumbayi ndi yawo. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa botolo lija la m'kabati, limene ndinagula tsiku limene unabadwa, zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo. Nthungululu zinalira. Ndinatsegula, ndinathira pang'onopang'ono kuti aliyense alaweko. Vinyoyo anatuluka wa mtundu wa tiyi wotsala m'ketulo. A Moyo anamwa, anatsinzina, n'kuyamikira m'Chindebele kuti, "Hayi, kumnandi lokhu!" Azakhali ako anati, "Eee, zinthu zodula zimamveka pakhosi." Kenako ndinatembenukira kwa iwe n'kuti, "Katswiri wathu, tiuze." Unanunkhiza, unalawa, unandiyang'ana kanthawi, ndipo unati, "Baba, vinyoyu anafa kalekale. Wasanduka viniga." Azakhali ako anamenya ntchafu n'kukuwa kuti, "Mwana wopanda mwambo iwe! Sukuluyo sunaiyambe n'komwe, wayamba kale kuchititsa manyazi bambo ako pagulu?" Ine ndinaika galasi pansi n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo masiku anayi apita ndisanakuuze kanthu.

Ndifikapo pa zimenezi. Poyamba ndilole ndikupatse kamba wanga. Ndalama ndilibe, koma zolakwa ndili nazo zokwana sutikesi, ndipo zaka makumi atatu zimene ndinanyamula thileyi kuhotela ya m'tauni zinandiphunzitsa kusankha vinyo kudzera m'manyazi okhaokha.

Kulakwa koyamba ndinakuchita pa ukwati wanga womwe. Ndinali nditagwira uweta zaka ziwiri, ndipo chifukwa choti ndinkatha kutchula mayina a mabotolo osaluma lilime, ndinkadziona ngati ndatha zonse. Ndinagulira tebulo la akuluakulu katoni ya vinyo wofiira, wolemera, womanga mkamwa, wa mtundu umene mabwana ankaitanitsa m'miyezi yozizira akamadya nyama ya ng'ombe. Koma ukwatiwo unali mu Okutobala, ku Magwegwe, m'tenti yotentha ngati uvuni, ndipo omwa anali azimayi achikulire a kwawo kwa amayi ako, anthu okonda zotsekemera. Anamwa kamodzi, nkhope zonse zinakwinyika. Agogo ena anandikodola ndi chala n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Mkhwenyana, ngumuthi wani lo?" Ankafuna kudziwa kuti mankhwalawa ndi a matenda anji. Posakhalitsa mbale ya shuga inachoka kukhitchini, ndipo vinyo wanga wapamwamba uja anatakasidwa ndi supuni pamaso panga. Thoko, usanagule botolo, yamba wafunsa kuti akamwe ndani, akadya chiyani, ndipo kunja kukhala kotentha bwanji. Tsiku lija ndikanagula vinyo woyera wotsekemera pang'ono, wozizira, wa theka la mtengo, agogo aja akanandivinira. Vinyo sagulidwira kuti anthu adziwe kuti wogulayo ndi wozindikira. Amagulidwira anthu amene akhale patebulo.

Kulakwa kwachiwiri kumandipwetekabe mpaka lero. Madzulo ena kunabwera mphunzitsi wachinyamata ndi bwenzi lake. Jekete lake linali lobwereka, manja ake ankafika m'zala. Ndinaona kabokosi ka mphete kakutukumula thumba, ndipo m'malo momumvera chisoni ndinaonapo mwayi wosangalatsa manijala, amene ankatiyamikira tikagulitsa mabotolo a kumunsi kwa mndandanda, kumene kunkakhala odula. Ndinatchula dzina la vinyo wina mokweza, mtsikana akumva, n'kuwonjezera kuti, "Pa tsiku ngati lalero, bwana, ndi ameneyu basi." Mwamuna angakane bwanji pamaso pa mkazi amene akufuna kumufunsira? Anavomera. Atayang'ana mtengo, anatseka mndandanda msangamsanga. Ndikubwera kudzalemba zakudya, anati, "Tadya kale kunyumba, tingomwa supu." Ndikuweruka ndinawapitirira panjinga akuyenda wapansi kulowera kumalokesheni, mtsikana atavula nsapato zazitali n'kuzinyamula m'manja, chifukwa ya minibasi inali itapita ndi botolo langa. Sindinawaonenso, ndipo sindikudziwa ngati mphete ija inatuluka m'thumba. Mwana wanga, kumene ukupitako udzaimirira pa matebulo ambiri. Ukaona munthu akuzengereza, tsegula mndandanda, loza ndi chala mitengo iwiri kapena itatu osaitchula, umufunse chapansipansi kuti, "Tiyang'ane chakuno kapena chakuno?" Akaloza wotsika, umusankhire wabwino koposa pa mtengo umenewo, ndipo umuthirire ndi ulemu womwewo umene ungathirire nduna. Ameneyo adzabweranso, ndipo adzakufunsa ndi dzina.

Kulakwa kwachitatu n'kochititsa manyazi kwa weta: ndinathira vinyo zaka khumi ndi zitatu ndisanamulawepo. Masiku amenewo weta wopezeka atanyowetsa milomo ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, ndipo pa ukwati wanga uja manyazi sanandilole n'komwe kukweza galasi. Amene ananditsegula mutu anali a Mwale, mkulu wa ku Chipata amene ankasunga makiyi a chipinda cha pansi chosungiramo vinyo. Ankandiyankhula Chinyanja akakondwa, Chilapalapa cha mabwana akakwiya. Tsiku lina, iwe uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anandiitanira pansipo n'kuika makapu awiri achitsulo pakatoni. "Banda, lawa uwu, lawanso uwu, undiuze amene ungapite naye kwanu." Ndinalawa, ndinaganiza, ndinasankha wa kumanzere. Anaseka mpaka kutsokomola. Wa kumanzereyo anali vinyo wamba amene tinkagulitsa pagalasi, pamene wa kumanja anali wa m'botolo lolemera lija limene ndinkakakamiza alendo. Ndinayamba kupepesa kuti lilime langa ndi la kulokesheni. Iwo anasiya kuseka n'kuti, "Ukupepesa chiyani? Lilime lako lanena zoona, ndipo inenso ndikanasankha yemweyo. Wodulayu si woipa, koma sanafike pokoma, ndipo theka la mtengo wake ndi la botolo ndi dzina. Maso ako ndi amene akhala akukunamiza."

Kuyambira pamenepo a Mwale ankandiphunzitsa tikamatsitsa makatoni, ndipo zimene anandiuza ndikukupatsa zonse, ngakhale ndikudziwa kuti zina aphunzitsi ako adzazinena ndi mawu aatali. Botolo lolemera ngati njerwa, chipepala chagolide, riboni pakhosi, zonsezo amalipira ndiwe ndipo sumwako ngakhale dontho. Litembenuze botolo, uwerenge kumbuyo. Amene walemba mtundu wa mphesa, dera limene zinalimidwa ndi chaka chake, sakubisa kanthu. Amene wangodzaza mawu okometsera osanena kumene mphesazo zachokera, musiye pomwepo. M'sitolo usamayang'ane pokhapo pamene maso ako afikira, chifukwa pamenepo amaikapo zimene akufuna kuti zichoke msanga kapena za mayina otchuka. Werama, mwana wanga, mawondo ako akadali olimba. Shelefu ya m'chiuno imakhala ndi mabotolo a alimi osatchuka amene akufunitsitsa kuti uwadziwe, ndiye amakupatsa zambiri pa ndalama zochepa. Kumeneko ukapeza shenini, vinyo woyera amene anthu ena amamuderera chifukwa ngwochuluka. Usamuderere, amayenda ndi nkhuku, nsomba, ngakhale nkhwani wothira nsinjiro wa amayi ako. Chotsekera chopotokola si chizindikiro cha umphawi. Ngakhale wa m'katoni ya kampopi, pa phwando la anthu ambiri, akhoza kukuchotsa manyazi ngati wayamba wamulawa.

Ndiwonjezere zanga zimene ndinatola ndekha. Usagule katoni usanamwe botolo limodzi kunyumba, ndi chakudya chako, pa tsiku wamba, chifukwa kumunda wa mphesa, pamthunzi, mwiniwake akukumwetulira, chilichonse chimakoma. Botolo limene lakhala pawindo la sitolo likuwotchedwa ndi dzuwa usalitenge ngakhale atatsitsa mtengo bwanji. Vinyo woyera wotsika mtengo umufune wa chaka chino kapena chatha. Ukapeza wogulitsa wodziwa ntchito yake, usamufunse kuti wabwino ndi uti, chifukwa akulozera wodula. Umufunse kuti iyeyo amapita ndi uti kunyumba kwake pakati pa mwezi, malipiro atatha mphamvu. Ukapeza amene wakukomera, lemba dzina lake m'kabuku, ndi zimene unadyera. Ine kanga ndinkasunga m'thumba la jekete, ndipo ndakuikira m'sutikesi pansi pa juzi yako yofiira. Zilembo zake n'zokhotakhota, koma mulibe bodza.

Kulakwa kwachinayi sindikufuna kukukamba, koma amayi ako akandifunsa ngati ndalemba. Lilime litatseguka, khosi nalo linatseguka. Ndinayamba kumaliza zotsala m'mabotolo a alendo, ndikudzinamiza kuti ndikuphunzira. Loweruka lina ndinagwa ndi njinga pafupi ndi Barbourfields, anthu akutuluka ku mpira, ndipo ndinalowa m'ngalande ndi jekete loyera la ntchito. Amene ananditola anali anyamata a kwaya imene ndinkaitsogolera ine ndemwe. Amayi ako sanakalipe. Anachapa jekete lija, analisita, n'kulipachika pakhomo la chipinda chako, kuti m'mawa ndikalitenge ndikukuyang'ana uli m'tulo. Sindinabwerezenso. Thoko, ntchito yakoyi udzalawa magalasi ambiri dzuwa lisanafike pamutu. Lavula. Usachite manyazi kulavula, odziwa onse amalavula. Ukafuna kumwa kuti usangalale, khala pansi, pakhale chakudya, pakhale madzi, pakhale anthu amene umawakonda, ndipo galasi lachiwiri likhale lomaliza. Tsiku limene udzapeze kuti ukutsegula botolo uli wekha chifukwa mtima ukuwawa, libwezere pashelefu n'kutiimbira foni. Ndabwereza: tiimbire foni, kaya ndi nthawi yanji.

Tsopano ndafika pa kabati.

Amayi ako ndi ine tinakhala zaka zisanu opanda mwana. Anthu anayankhula, azakhali ako omwewa ali patsogolo. Tsiku limene anamwino anandiuza kuti ndi mtsikana ndipo akulira bwino, ndinatuluka m'chipatala osadziwa kumene ndikupita. Ndinapezeka ndili m'sitolo ya m'tauni, ndipo ndinaloza botolo lokongola kuposa onse, la chipepala chagolide ndi chithunzi cha nyumba yachifumu. Ndalama ya njinga yatsopano inathera pamenepo. Ndinali nditamva alendo akunena kuti vinyo akamakalamba amakoma, ndiye ndinaganiza kuti vinyo aliyense ndi choncho. Ndinaliimika m'kabati ya magalasi, pakati pa makapu a ukwati wathu, moyang'anana ndi windo kuti odutsa azilionera kumsewu. Ndinalumbira kuti tidzalitsegula tsiku limene mwana ameneyu adzatikweze. Msewu wonse unalidziwa botolo limeneli. Ana ankabwera kudzalisuzumira, ndipo iwe unaphunzira kuwerenga zilembo zoyamba pa chipepala chake.

Tamvera tsono zimene sindinauzepo munthu, ngakhale amayi ako. Chaka chomwe chija cha makapu achitsulo, a Mwale anabwera kuno kudzationa. Anamwa tiyi, anayang'ana kabati. Ndikuwaperekeza, titafika pageti, anandigwira mkono n'kuti, "Banda, botolo lija limwe sabata ino, ngati silinafe kale. Vinyo uja anamupangira kumwedwa msanga, ngati mavinyo ambiri. Oyenera kusungidwa ndi ochepa, ndipo amagonekedwa chammbali, pozizira, mumdima. Lako laimirira, chotsekera chikuuma, dzuwa la Bulawayo likuliphika tsiku ndi tsiku." Ndinawathokoza, ndinabwerera m'nyumba, ndinaliyang'ana botolo lija, n'kulisiya pomwepo.

Ndinkadziwa, Thokozani. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikudziwa kuti m'kabati mwanga muli mtembo. Koma ndikanauza bwanji msewu wonse kuti weta wa hotela yaikulu, amene amawalangiza za vinyo wa maukwati awo, analakwitsa chinthu chophweka chotere m'nyumba mwake? Zaka zija za njala, mashelefu a m'masitolo ali mbee, munthu wina wochita malonda odutsa malire anafuna kulisinthanitsa ndi matumba awiri a ufa. Amayi ako anandichonderera, ine ndinakana. Iwo mpaka lero amati ndinakana chifukwa chokukonda iwe. Kukukonda ndinkakukonda, koma chimene ndinkaopa n'chakuti munthu uja akakatsegula abwera kudzandilalatira pamsewu. Tinagona ndi phala lamadzimadzi sabata imeneyo chifukwa cha kunyada kwanga.

Lamlungu lija ndinalitsegula ndikupemphera chamumtima kuti mwina a Mwale analakwitsa. Chotsekera chitangofumbutuka m'manja mwanga, ndinadziwa kuti sanalakwitse. Fungo linandifika ndisanathire n'komwe. Komabe ndinathira, ndipo ndinaima n'kumaonerera anthu amene ndakhala nawo moyo wanga wonse akumeza viniga n'kumandiyamikira. A Moyo misozi inali m'maso, osati ya chisangalalo. Sindikuwaimba mlandu, ndi mmene tinaleredwera: mkulu akakupatsa chinthu pagulu, umayamika. Inenso ndinachita zomwezo kambirimbiri kuhotela, manijala akanunkhiza vinyo wowonongeka n'kunena kuti ali bwino, ine n'kugwedeza mutu n'kukathirira alendo. Pamene ndinkati, "Katswiri wathu, tiuze," ndinkakupempha kuti nawenso undinamize. Ndinakuika pakati pa bambo ako ndi lilime lako, pamaso pa mpingo wonse. Zimenezo bambo sayenera kuchitira mwana wake, ndipo ndikupepesa.

Ndinakuona ukuzengereza. Ndinaona kuti bodza linafika pamilomo, lokonzeka, laulemu, loti aliyense akanapita kwawo wokondwa. Unalimeza bodzalo n'kunena zoona, ndipo unazinena motsitsa mawu, ukundiyang'ana m'maso, osaseka. Ukudziwa chimene ndinakachita kuseri kwa nyumba? Azakhali ako akuganiza kuti ndinkapsa mtima. Ndinakhala pa chidebe chopidigula pansi pa mtengo wa mabulosi n'kulira, kenako ndinayamba kuseka, ndikutseka pakamwa ndi chipewa kuti alendo asamve. Chimene chinanditengera ine zaka makumi atatu osachikwanitsa, mwana wanga anachichita ndi mpweya umodzi. Masiku anayi amene ndakhala chetewa sanali a mkwiyo. Ndimasowa poyambira, chifukwa kuti ndikuuze kuti unachita bwino ndinayenera kuululanso kuti ndinkadziwa, ndipo munthu wa zaka zanga kuulula kumamuvuta kuposa kukwera njinga pa chitunda.

Lilime limeneli unabadwa nalo. Uli wamng'ono unkakana mkaka tsiku lathunthu ife tisanamve kuti wayamba kusasa, ndipo tinkakukalipira kuti ndiwe wamatama. Utayamba ntchito yotsuka magalasi kuhotela kuja, ndiwe unabweza botolo limene maweta atatu anali atalivomereza, ukuti likununkha katoni yonyowa, ndipo unalondola. Pa mayeso aja anzako ankatchula zipatso za m'mabuku zimene sanazionepo, iwe unati vinyo wina akununkhira mabulosi a kuseri kwa nyumba yathu ndi fumbi la mvula yoyamba, wina ukuti ali ndi kuwawasa kwa malambe. Unandiuza kuti oyesawo anamwetulira, koma atavundukula mabotolo anasiya kumwetulira n'kuyamba kulemba. Kumene ukupitako udzaphunzira mawu awo, ndipo uwaphunzire bwino kuti asakuderere. Koma malambe, masuku, bwemba ndi magwafa a ku Mzilikazi usawasiye pa siteshoni ya basi. Ndi amene akufikitsa pamenepa.

Udzakumana ndi anthu aakulu kuposa bambo ako, eni minda, eni mahotela, anthu amene agogo awo ankapanga vinyo agogo ako akusenda mbatata m'khitchini ya mzungu. Ena adzakuthirira botolo limene amalinyadira n'kukuyang'ana mmene ndinakuyang'anira ine Lamlungu. Ulemu usausiye. Ngati n'kotheka kumuuza munthu pambali, muuze pambali. Yamba ndi chimene chili chabwino ngati chilipo. Koma akakufunsa mwachindunji, nena chimene chili m'galasi. Anthu osauka ngati mphunzitsi uja adzagula botolo chifukwa iwe wanena kuti n'labwino, ndipo adzakhala atasiya china kuti aligule. Ukanama kamodzi kuti usangalatse wamkulu, amene walipira bodzalo ndi iwowo. Usatseke pakamwa, Thoko. Ndabwerezanso, poti ndiwe mwana wa Banda ndipo a Banda timamva kachitatu: usatseke pakamwa.

Zina zonse amayi ako akuuza kale, ndipo akuuzanso mawa pa basi mpaka dalaivala aliza hutala. Uzivala juzi, akuti mphepo ya kunyanja ndi yoipa. Upeze tchalitchi. Mapepala ako a sukulu usamayende nawo m'chikwama cha m'manja. Za anyamata sindinenapo zambiri, koma amene adzakutengere kokadya n'kuitanitsa botolo lodula koposa asanakufunse chimene umakonda, umuyang'anitsitse, chifukwa ndikumudziwa, ndinali ine.

Viniga uja sanatayike. Amayi ako anyikamo anyezi ndi tsabola, akuti wakhalitsa pa nyumba pano osalipira lendi, agwireko ntchito. Botolo lopanda kanthu ndalipereka kwa a Moyo, akufuna kuikamo maluwa apulasitiki. Pamalo pamene linkaima m'kabati, pakati pa makapu a ukwati, ndaikapo kalata yako yokuitana kusukulu, moyang'anana ndi windo. Imeneyo dzuwa likhoza kuiwotcha mmene lingafunire, zimene zalembedwamo sizisasa.

Lero m'mawa, iwe usanadzuke, ndinapalasa njinga kupita kutauni. Ndinalowa m'sitolo, ndinadutsa mabotolo agolide osawapatsa moni, ndinawerama mpaka mawondo analira, ndinatembenuza mabotolo asanu ndi limodzi n'kuwerenga kumbuyo. Ndasankha limodzi, la chaka chatha, la mtengo woti weta wopuma ntchito akhoza kugula osabisira mkazi wake lisiti. Sindinalilawe. Ndalikulunga m'nyuzipepala mpaka pakhosi n'kumanga ndi ulusi, ndipo lili m'chidebe cha madzi ozizira pansi pa mtengo wa mabulosi. Silidikira zaka makumi awiri ndi zinayi. Silidikira ngakhale mawa.

Kalatayi ndiisiya pamwamba pa sutikesi yako kuti uipeze ukamadzalongedza madzulo ano. Pofika nthawi imeneyo a Moyo akhala atafika, abusa ndawaitana, ndipo azakhali ako ndawatumizira ya minibasi kuti asapeze chonamizira. Ndiyamba ndine kuimirira, ndiwauze onse zimene ndakuuza iwezi, za a Mwale, za pageti, za matumba a ufa. Amayi ako akazimva koyamba pamenepo, ndiye ukhale pafupi, mwina ndifunika wondilanditsa.

Ukamaliza kuwerenga, pukuta m'maso, tuluka kuseri. Usagwade. Ndikuthirira ndine, thaulo lili pamkono ngati kale, ndipo ndikufunsanso funso lomwe lija pamaso pa anthu omwe aja. Ngati ndasankha bwino, unene. Ngati ndaphonyanso, unenenso, ndipo ulendo uno ukweze mawu kuti azakhali ako amve bwinobwino.

Ndine bambo ako, weta wako wa madzulo ano,

W. Banda